Mtedza wa njovu

Nkhondo ya ku Mozambiki itatha, anansi athu ambiri anabwerera kwawo, koma atate anatsala ku Mlolo pa munda wawo wa mtedza. Nthawi imeneyo ng'ala inali itayamba kuwaphimba maso. Sankadandaula, koma ankafunitsitsa kuona njovu maso asanatheretu. Tikuthawa nkhondo, ine ndili kamtsikana, madzi anatithera m'tchire, ndipo atate anatsata njira ya njovu mpaka inatifikitsa pa dziwe. Njovuyo sanaione, anangoona mapazi ake.

Nditayamba uphunzitsi pa boma la Chadiza, aphunzitsi tinachita hayala minibasi yokaonera nyama ku Mfuwe, ndipo atate ndinawapezera malo. Anatulukira atavala jekete ya kutchalitchi, kathumba ka mtedza kali m'khwapa.

"Atate, mtedzawu ngwa chiyani?" ndinafunsa.

"Iwe, kwa eni ake sapita chimanjamanja."

Anzanga anaseka, inenso ndinaseka, manyazi ali tho. Pa geti mlonda wa nyama anatiuza kuti palibe wotsika m'galimoto ndipo nyama sizipatsidwa chakudya. Atate anang'ung'udza kuti anthu a kuno sadziwa mwambo, n'kuika kathumbako pamiyendo.

Tinaona mbidzi, agwape ndi mvuu zitangotulutsa mphuno m'madzi. Aliyense akaloza, atate ankagwedeza mutu ngati akuona nawo, ine n'kumakhulupirira. Kenaka dalaivala anazimitsa injini. Njovu yaikulu inali pafupi, ikuthyola nthambi za tsanya.

Atate anavula chipewa n'kuyamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, monga mmene timalonjerera akuluakulu. Koma nkhope yawo inali italoza chulu chachikulu cha kumanzere, pamene njovu inali kumanja. Mtima unandiwawa kwambiri. Apo m'pamene ndinadziwa kuti ndawabweretsa mochedwa.

Ndinawagwira mapewa n'kuwatembenuza bwinobwino. Sanafunse chifukwa, anangopitiriza kuomba. Palibe anasekanso m'minibasi muja. Njovu ija inasiya nthambi, n'kutukula chitamba chake kununkhiza mbali yathu.

"Mwanawe," anandinong'oneza, "yandiona?"

"Yakuonani, atate. Ikukuyang'anani."

"Ndiye basi," anatero akuvala chipewa. "Yadziwa kuti ndinabwera kudzathokoza."