Hatchi Yakuda ya Durk

Tjitske Wiarda anakulira m'ntchito yojambula ng'ombe. Anaitengera kwa bambo ake, amene ankazungulira mafamu a m'chigawo cha Friesland kujambula zithunzi za ng'ombe zamkaka zoika m'mabuku a alimi. Tjitske ankadziwa kuiimika ng'ombe, miyendo bwinobwino, bere poonekera, mutu m'mwamba. Mwamuna wake Auke ankaima kutsogolo n'kumalira ngati thole kuti ng'ombeyo itchere makutu, ndipo Tjitske ankadina batani la kamera kamodzi, basi.

Koma mafamu anayamba kutha. Chaka ndi chaka ankangomva kuti uje wagulitsa ng'ombe, ana ake asamukira mutauni. Foni yake inayamba kugona chete, moti ankaitenga n'kuiyang'ana ngati yawonongeka.

Tsiku lina kunabwera Durk Algra, mnzake wakusukulu amene ankaweta mahatchi. Anakhala kukhitchini, kumwa khofi, kudya buledi washuga, kenako n'kunena chimene anadzera.

"Ndili ndi hatchi yaimuna, yakuda bii. Ndikupita nayo kuchionetsero mumzinda wa Leeuwarden. Ndikufuna chithunzi chachikulu ngati chitseko cha khola, ikuthamanga, ziboda zonse zili m'malere. Ungathe, kapena iwe n'za zoima zokhazokha?"

"Ndingathe," anayankha Tjitske.

Sanathe. Anapita ndi kamera yake yakale m'chinyumba chophunzitsira mahatchi, momwe munali kamdima, ndipo zithunzi zonse zinatuluka mbuu. Pena hatchi inalibe mutu, pena miyendo inali ngati utsi. Durk anangoziyang'ana n'kukanda chibwano.

"Vuto ndi kamera kapena ndiwe?"

Funsolo Tjitske anapita nalo kunyumba, ndipo linamukanitsa chakudya.

M'mawa mwake anakwera sitima kupita kusitolo ya makamera. Wogulitsa, mayi wina dzina lake Femke, anamuikira makamera awiri patebulo.

"Iyi, mayi, imatola chilichonse. Mukakulitsa chithunzi, mudzawerenga ubweya umodziumodzi. Koma pothamanga imatsalira, ndipo m'malo amdima imavutika. Inayi ndi mphenzi, imalondola diso la nyama yokha. Kungoti chithunzi chake mukachikulitsa kwambiri chimafewa pang'ono."

"Nanga yochita zonse ziwiri palibe?"

"Ilipo," anatero Femke akumwetulira. "Muli ndi galimoto yoti mugulitse?"

Tjitske anaseka. Ananyamula yoyamba, n'kuiika, kunyamula yachiwiri, n'kuiikanso. Ankadziwa kuti kamera imene agule ndi yomweyo mpaka adzapume pantchito. Atalakwitsa, sakanabwereranso. Femke ataona kuti mayiyu sakuchoka, anamubwereketsa onse awiri kuti akawayese kumapeto kwa sabata.

Loweruka, Auke anamunyamulira zikwama mpaka kufamu ya Durk.

"Ndilire ngati thole?" anafunsa.

"Iwe, khala chete. Mutu ukundiwawa kale."

Durk anagwira chingwe n'kuyamba kuthamanga ndi hatchi ija. Tjitske anayamba ndi kamera yotola zonse, chifukwa ndi imene mtima wake unkafuna. Zithunzi zake zinali zokongola zedi, thukuta la pakhosi pa hatchi likunyezimira, koma nthawi iliyonse chiboda chimodzi chinali pansi. Ankachedwa pang'ono, mwina kufulumira pang'ono. Anasintha n'kutenga inayo. Atangodina, inayamba kulira ngati makina osokera, mpaka anadzidzimuka n'kuchotsa chala. Kabokosi ka m'kamera kolondola diso kankangodumphadumpha, kakusowa diso lakuda pankhope yakuda, n'kumakakamira pa chipewa cha Durk.

"Tjitske!" anakuwa Durk akupuma mwawefuwefu. "Ine si mnyamata! Ndizungulirenso kangati?"

"Kamodzi kokha. Vula chipewacho!"

Tjitske anagwada mumchenga n'kuzimitsa zolondola diso zija. Analozetsa kamera pachifuwa cha hatchi, n'kuitsatira ndi thupi lonse, chala chili chidinire.

Kunyumba anakhala pakompyuta masana onse. Zithunzi zinali mazanamazana, zofanana ngati mazira, ndipo maso anayamba kumulasa. Auke anabweretsa tiyi, tiyiyo n'kuzizira. Kenako anachipeza. Hatchi inali m'malere, khosi litapindika, ubweya wake wautali ukuuluka. Anachikulitsa, n'kuona kuti nsonga za ubweyawo zafewadi monga ananenera Femke.

"Taona apa," anauza Auke. "Si zakuthwa."

"Ndani adzaike mphuno pachithunzi chachikulu ngati chitseko?"

"Ine."

Lolemba anabweza makamera onse awiri, n'kuima pakhomo la sitolo nthawi yaitali, mvula ikuwaza. Analowanso n'kugula yothamangayo. M'sitima anaifungatira pamiyendo, akudzifunsa ngati sanapusitsidwe ndi chithunzi chimodzi chamwayi.

Pachionetsero, chithunzicho anachipachika pamwamba pa khola la hatchi ya Durk. Tjitske anafika anthu asanachuluke, n'kupita pafupi kukafufuza ubweya uja. Auke anamukoka jekete mpaka pakati pa njira.

"Yang'anira pano, pamene pakudutsa anthu."

Anthu ankaimadi, kuloza, ena kujambula ndi mafoni. Durk anali pikitipikiti ndi alendo, anangomukwezera chala chachikulu ali patali. Bambo wina wamtali, wovala nsapato zamatope, anawerenga dzina lolembedwa m'munsi mwa chithunzi n'kufunsa Tjitske ngati Wiarda ndi iyeyo.

"Ndili ndi mahatchi awiri okoka ngolo," anatero bamboyo. "Ndikufuna onse awiri ali m'malere nthawi imodzi. Lachinayi muli ndi mpata?"

Tjitske anayang'ana Auke, amene anali kalikiliki kutafuna soseji ngati sakumva.

"Mpata ulipo," anatero Tjitske. "Kwanuko, malo ojambulirapo ndi owala bwanji?"