Miyendo Yanga Inali Nyambo

Malemu azakhali anga anandichenjeza kalekale: "Ntchito yoti sungaifotokoze kwa anansi ako, usaigwire." Sindinamve. Mwamuna anali atandithawa, ana ali pakhosi, ndiye mlamu wanga atanditsina khutu kuti kuphiri kwabwera ofufuza ndipo akufuna amayi, ndinakwera.

Anali anthu amitundumitundu: dokotala wa ku Ghana, mayi wa ku Japan, bambo wina wa ku Brazil. Ankafufuza tintchentche takuda toluma ta m'mbali mwa mitsinje, kuti aone ngati tili ndi tizilombo tochititsa khungu. Ine ntchito yanga inali kukhala nyambo. Ndinkakhala pamwala m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, chitenje nditapinda mpaka m'mawondo. Kantchentche kakatera pamwendo, ndinkakakoka ndi mpweya pakapaipi kokhala ndi sefa, n'kukauzira m'kabotolo, n'kutseka ndi thonje. Iwo ankatumbula tintchentcheto pa maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso.

Dokotala uja ankakonda kunena kuti, "Mayi, choonadi chilibe dziko. Chimene mwagwira pano chidzathandiza ndi mwana wa kwathu yemwe." Ndinkazikhulupirira, ndipo mpaka lero sindinganene kuti ananama.

Kenako mwana wa neba anamwalira, malungo atamutha magazi. Pamaliro pomwepo, mlamu yemwe uja anaimirira n'kundiloza.

"Afunseni awa! Amakwera kuphiri kapaipi kali kukamwa, n'kutsika ndi mabotolo. Anamapopa mukuwafunanso kuti?"

Ndinakweza chitenje kuti aone zipsera za kulumidwa. Palibe anayang'ana. Woyamba kundiponya mwala anali mayi amene ndinamugwira msana pobereka. Diso langa lamanzere linaphulika. Nyumba anaiyatsa dzuwa likuswa mtengo, ana anga akuonerera.

Ofufuza anabwera kuchipatala ndi malalanje, misozi ili m'maso. Dokotala anandigwira dzanja.

"Tapeza yankho, mayi. Tintchentche ta kuno tilibe tizilombo. Palibe amene achite khungu."

Ananena zimenezo akuyang'ana bandeji la padiso langa. Posakhalitsa aliyense anabwerera kwawo.

Chimene ndinatolapo n'chakuti choonadi chimawoloka nyanja, koma kutsika phiri kukafika pakhomo la neba chimalephera. Dziko chilibe, inde. Koma ine mudzi ndinali nawo.

Pano ndinasamukira ku Likangala, diso lotsalali nalonso layamba chifunga. Mlamu uja amandipatsa moni kutchalitchi, ine n'kumayankha ndi mutu. Inu mukamadutsa, mudzandizondeko, ndione ngati ndikuwerengedwabe pakati pa anthu. Koma muodire patali, mutchule dzina lanu ndi la amene wakutumani. Chakudya musabweretse, sindidya za eni.