Nsanja imene bambo ankapukuta

Dzulo, ndikulongedza katundu wa malemu mayi ku Zingwangwa, ndinapeza chithunzi chakale pansi pa sutikesi, chikununkhabe mankhwala a njenjete. Ndi cha nsanja yoyera ya nyali, pa kachilumba ka m'nyanja yamchere ku Mozambiki.

Bambo anachitumiza ine ndili mwana, atabwerera kwawoko kukafuna ntchito. Kuseri analemba kuti nsanjayo anamanga ndi Apwitikizi kalekale, ndipo iwo ntchito yawo inali kupukuta magalasi ake kuti oyendetsa sitima za pamadzi aziona kuwala ali kutali.

Ine nyanja ndinali ndisanaionepo. Koma paphiri la Soche panali chitsulo chachitali cha wayilesi chokhala ndi nyali yofiira, ndiye ndinkati ndi yomweyo. Dzuwa likangolowa ndinkakwera pamulu wa njerwa kuseri kwa bafa n'kumabayibitsa, udzudzu ukundimaliza miyendo.

"Amayi, adadi ayatsa! Akutiitana!"

"Tsika apo iwe, uthyoka," mayi ankatero, osacheuka n'komwe.

Tsiku lina kunabwera amalume, dalaivala wa thiraki amene ankafika kugombeko. Ndinawamva akuuza mayi motsitsa mawu za bambo, za mkazi wina ndi ana awiri, koma sindinatolepo kanthu. Ndinangowakoka malaya.

"Amalume, nyali ya adadi imaitana sitima kuti zibwere, eti?"

"Ayi mphwanga. Imachenjeza kuti pano pali miyala, musayandikire."

Bambo sanalembenso, ngakhale pa maliro a mayi. Chithunzi chimodzi chija chinali chitanena kale zonse: tiziwaonera patali.