Ulendo wa a Elifala ku ukwati wa Ester

A Elifala Kamphinda anali kalipentala kuseri kwa phiri la Ntchisi. Mabenchi ambiri a m'tchalitchi cha kwawo anakhoma ndi iwowo. Chaka chomwe anthu anaponya voti kachiwiri zipani zitachuluka, impso zawo zinasiya kugwira ntchito. Nkhope inatupa, mkodzo n'kuyamba kusowa. Kuchipatala chachikulu ku Lilongwe anawaika pa makina otsuka magazi, ndipo dokotala anawauza mosapsatira kuti azikhala pafupi, pakuti akadumphitsa tsiku lawo, zoipa zidzawunjikana m'thupi. Madzi akumwa anawalola kakapu kokha. Motero anakakhala kwa mlongo wawo ku Kawale.

Kuchipatalako, pabedi loyandikana ndi lawo pankagona a Gideoni, mlimi wa fodya wa ku Madisi, munthu wanthabwala. Tsiku lina iwo anati, "Ndikangoona chigafa changa, ndibweranso." Sanabwerenso. Anamwino anangoyala nsalu zina, pabedipo n'kugona munthu wina. Kuyambira pamenepo, makina akamalira, a Elifala ankamva ngati a Gideoni akutsokomola pambali pawo.

Kenako kunabwera uthenga woti Ester, mwana wawo woyamba, akumanga ukwati.

"Achimwene, musapite," anawadandaulira mlongo wawo. "Mitambo yayamba kale kuda."

"Mwana wanga akwatiwe ngati wamasiye, ine ndikadapuma?" anayankha a Elifala.

Atangochoka pamakina anakwera minibasi, kenako matola. Kumudzi anthu anawalonjera motsitsa mawu, ngati pamaliro. Ena anali atamva kuti ku tauniko amawapopa magazi, ndipo mayi wina anabisa dzanja m'chitenje m'malo mopereka moni. Paphwando thobwa linkadutsa pamaso pawo. Iwo ankangonyowetsa milomo, n'kupatsira wina chikho. Koma Ester anamuperekeza okha mpaka kutsogolo kwa tchalitchi, akuyenda pang'onopang'ono, ndipo kwaya itayamba anaimba nawo besi monga kale.

Lamulungu kunagwa chimvula, mlatho wa mitengo n'kukokoloka. Magalimoto anasiya kufika. Anadikira, koma madzi sanaphwe. Miyendo inatupa mpaka nsapato kukana, m'kamwa munkamveka dzimbiri, ndipo akagona chagada mpweya unkawathawa. Akazi awo, a Abigail, anapempha ngolo kwa oyandikana nawo. Pamtsinje ng'ombe zinakana kulowa, choncho amuna a m'mudzimo anawagoneka pachitseko chomwe anazula kunyumba kwawo, nawanyamula pamapewa, madzi akufika m'chifuwa. Amayi amene anaima pagombe anayamba kulira.

Ali pakati pa mtsinje, a Elifala anaona tsidya linalo munthu atakhala pansi pa mkuyu, atavala chipewa cha mlaza, akuwakodola.

"Abigail, kodi si a Gideoni awo?"

"Kulibe munthu uko, bambo. Tsekani maso."

Sanatseke. Anangoyang'ana mtengowo mpaka atawatsitsa pamatope.

Lole ya feteleza inawafikitsa ku Lilongwe asakuzindikiranso anthu. Anatsitsimuka ali pamakina, a Abigail atagwira phazi lawo. Za munthu wa pansi pa mkuyu sanazitchulenso, koma mlongo wawo akuti nthawi zambiri ankawapeza ataima pazenera masana, akuyang'ana mumsewu, ndipo akawafunsa ankangoti, "Ndimayesa wina wandiitana."

Ku Ntchisi sanapondekonso. Ester atabereka anabwera ndi khandalo kuchipatala, iwo n'kulilandira ndi dzanja limodzi, linalo lili ndi mapaipi. Anamupempha kuti awatchulire onse amene anamwalira kumudzi chichokereni iwo. Ester anatchula mmodzimmodzi, bambo ake akugwedeza mutu, nthawi zina n'kufunsa kuti bokosi anakhoma ndani. A Elifala anamwalira chilimwe chotsatira, chimanga chisanadzalidwe.