Zotsala za Azakhali a Rhona

Azakhali anga, a Rhona Cargill, anayamba kukazinga nsomba ndi chipisi mumsewu wa kudoko kuno ku Arbroath ine ndisanabadwe. Koma chimene anthu amawadziwa nacho si nsomba ayi. Ndi mafirita, mbatatesi yodula mopyapyala, yoviika m'phala la ufa wa tirigu n'kuiponya m'mafuta a ng'ombe mpaka itupe, kunja kuli khirichikhirichi.

Firita akazizira palibe angamugule. Amafota, mafuta n'kugwirana pamwamba ngati kandulo. Komabe azakhali sadziwa kukazinga pang'ono. Mayi awo, amene anakula nthawi ya nkhondo chakudya chikuchita kupimidwa, anawasiyira malamulo awiri osagwirizana. Loyamba, kabati yagalasi izikhala yodzaza, chifukwa munthu salowa m'shopu yooneka yanjala. Lachiwiri, chakudya sichitayidwa. Ndiye masana aliwonse, anthu a kudoko akabwerera kuntchito, azakhali amatseka chitseko, kukhala pathumba la mbatatesi, n'kudya zotsala zonse atathira mchere ndi viniga. Akhala akutero moyo wawo wonse.

Ine ndinali nditangobwera kuchokera ku Seoul, komwe ndinkaphunzitsa Chingerezi, ndipo mtima unali kale panjira yobwerera. Tauni yonse inkandinunkhira mafuta. Nditalowa m'shopu muja ndinawapeza akutsimphina, phazi lamanzere lili m'silipasi yong'ambidwa kutsogolo.

"Mwatani phazi, Azakhali?"

"Shuga. Anadulako kachala kamodzi nthawi yozizira ija. Kanalibenso ntchito."

Palibe anali atandiuza. Pakauntala panali a Archie Spink, msodzi wopuma amene anaphunzira kalasi imodzi ndi azakhali, ndipo amabwera tsiku lililonse kudzadya ndi kudzawaputa.

"Iwe Rhona, kachala kaja anakukulungira kuti ubwere nako? Ine sindikhulupirira kuti unalola akataye."

"Kali mufirita wakoyo. Tafuna bwino, mano ogulawo angagwe."

A Archie anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Ndinali nditaona bandeji yachikasu pachala chotsatira.

Sabata imeneyo ndinawaperekeza kuchipatala. Namwino sanabise mawu. Bala silikupola, ndipo shuga akapanda kutsika adzadula phazi lonse. Azakhali anangogwedeza mutu ngati akumva za nyengo. Koma ife tonse tinkadziwa kuti munthu wa phazi limodzi sangaime tsiku lonse pafupi ndi mafuta owira, ndipo kunja kwa shopu ija iwo alibe kwina.

Ndinawauza zimene ndinaona kunja: munthu aitanitse kaye, inu muzikazinga pambuyo. Anayesa tsiku limodzi. Banja lina la alendo linasuzumira pawindo, linaona galasi lili mbee, n'kupitirira. Azakhali anandiyang'ana, n'kuyamba kupakasa ufa m'ndowa yawo yaikulu ya masiku onse.

Tinayesa kupititsa zotsalazo kumalo ogawirako chakudya kwa osowa, koma kumeneko salandira zophikaphika. Tinamwazira mbalame za kunyanja kuseri kwa shopu. Zinabwera gulu, zikulira ngati ana, n'kuipitsa galimoto ya mayi wa nyumba yoyandikana, amene anabwera kudzatilalatira. A Archie ankatengako mafirita awiri kapena atatu, koma nawonso mtima wawo ndi wa mapiritsi. Kenako ndinayamba kudya ine. Ndinapirira masiku angapo, mpaka tsiku lina ndinasanza m'sinki.

"Mimba ya kunja imeneyo," anatero azakhali. "Anakudyetsa udzu."

"Ingotayani, Azakhali. Ndi mbatatesi chabe."

"Mbatatesi chabe! Struan, ukudziwa kuti munthu anawerama m'matope kuti imeneyi ifike pano? Iwe kutaya unazolowera. Unataya sukulu, unataya mtsikana uja wa kwa Swankie, tauni yonse unaitaya."

Mawa lake ndinafika masana n'kuwapeza ali pathumba paja, thireyi ili pamiyendo, firita mmodzi atamuluma kale. Phazi analitukulira pa ndowa yovundikira. Linali litatupa, ndipo fungo lake linkamveka ngakhale pakati pa viniga. Ankatafuna pang'onopang'ono, mopanda kukoma konse, misozi ili m'maso.

"Sindiwafunanso n'komwe," anatero. "Anasiya kale kundikomera. Koma dzanja langali likukana kutsegula bini."

Anandipatsa thireyi ija n'kutembenukira kukhoma.

"Chita msanga. Usandiuze kuti analipo angati."

Ndinapita kuseri n'kukhuthulira m'bini. Anagwa ndi phokoso lolemera, ndipo kudzera pakhomo ndinaona mapewa a azakhali akunjenjemera ngati ndawamenya. Kuyambira tsiku limenelo ndi momwe tikuchitira. Iwo amakazinga modzaza galasi, ine ndimabwera masana kudzataya, iwo atayang'ana kukhoma. Tsiku lina ndinachedwa ndi basi, ndinapeza thireyi ili yoyera.

Sukulu ya ku Seoul ikundifuna chaka chikamayamba. Azakhali anamva kwa a Archie.

"Ndiye ukhala mpaka liti?"

"Mpaka bala lipole."

Anayang'ana phazi lawo kwa nthawi, akupukuta manja pa epuloni.

"Aa, ndiye lisafulumire," anatero.