Kukatenga Felista kwa mkamwini wosagwira khasu

Ndinanyamuka pa Limbuli Lachiwiri m'mawa. Mkazi wanga anandiikira tiyi ati ndimwe kaye mtima utsike, koma ndinamusiya pamkeka pomwepo chifukwa sindinkafuna kuti utsike. Ndinkapita kukatenga Felista, mwana wa achemwali anga, amene anathawira kwa asisitere kuseri kwa Chonde uko, ati Mulungu wamuyitana.

Inu amene simukudziwa za kwathu, mvetsani kaye. Kuno munda umayenda ndi mwana wamkazi. Mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi, amange nyumba, alime munda wa apongozi, ana akhale akuchikazi. Achemwali anga anabereka anyamata, onse ali kuchikamwini kwa eni ake, wamkazi ndi Felista yekha. Iyeyo akavala chinsalu chija kumutu, mbumba yathu yathera pomwepo, ndipo munda wa amayi athu wa m'mbali mwa mtsinje uja utengedwa ndi ana a amayi aang'ono, amene chaka chilichonse amasuntha malire ngati ife tilibe maso. Achemwaliwo amuna awo anamwalira, miyendo inatupa, khasu sagwiranso. Anthu onse anali ataunga kale mizere kudikira mvula, munda wathu wokha uli tchire. Mwini mbumba ndine. Anthu akamaseka, amaseka ine.

Kondakitala wa minibasi anati ku Chonde ndi 5 sauzande. Ndinamufunsa ngati akundigulitsa tayala. Tinagwirizana 4, ndiye pondilanga anandikhazika pa kampando kopinda kaja, pakati pa thumba la chinangwa ndi bambo wina wachisilamu wa chipewa choyera, dzina lake Che Ajusu, wogulitsa zitenje zochokera ku Milanje, ku Mozambiki.

Tinalowa m'minda ya tiyi. Alendo amaimitsa galimoto pamenepo kumajambula, ati kukongola. Ine ndinathyolamo tiyi ameneyo dengu lili kumsana mpaka imvi zinayamba, ndiye ndikaona kubiriwira kuja msana umayamba wokha kupweteka. Ndinayang'ana kumbali, kuphiri.

Pa boma anakwera mlaliki wa jekete lonyezimira. Kuimirira sakanatha, ndiye ankalalikira atapinda khosi ngati nkhuku ya m'dengu. Anati Mulungu analenga munthu aliyense ndi cholinga, Mkhristu asamangoyenda ngati mbuzi yoduka chingwe, apemphere mpaka adziwe chimene anabadwira. Mpaka pamenepo amayi ena ankavomera amen. Kenako anatulutsa timabotolo ta madzi, ati ukasamba kumaso pogona, cholinga chako chimabwera kumaloto.

Ndinati, "Abusa, inuyo cholinga chanu munachipeza, kapena ndi timabotolo timeneto?"

Anandiloza n'kuuza anthu kuti bambo awa ali ndi mzimu wa makani. Ndinavomera, ndinati ndi wakuchikazi, kwathu timapatsirana. Anatsika pamsewu wokhotera ku Mulanje Mission, kutsatira amayi awiri a mabeseni amene ankapita kukadikirira odwala. Kumene kuli odwala madzi otere amayenda malonda.

Che Ajusu anandifunsa chimene chandipsetsa mtima m'mawa wonsewu. Ndinawafotokozera zonse, iwo akutafuna mtedza. Anati kwawo zimenezo kulibe, ngakhale shehe amakwatira n'kubereka. Ndinati mwaona, anzathu muli ndi nzeru. Kenako anafunsa ngati mwanayo ndinamufunsapo maganizo ake. Ndinati mwana safunsidwa. Anafunsa zaka zake, ndinati makumi awiri anadutsa kale. Anangonditsanulira mtedza m'manja. Anthu ena mwano wawo ndi wa chete.

Pa Chonde ndinatsika dzuwa litayamba kuwawa. Ndinagula chinangwa chophika chothira tsabola, chifukwa munthu sungakalipe bwino uli ndi njala. Wakabaza ya njinga yamoto, bambo wa msinkhu wanga ndithu, anati kwa asisitere ndi 2 sauzande, msewu ndi wafumbi. Nditatchula dzina la Felista anati akumudziwa, ndi uja amatsuka mabala uja, anawatsukapo apongozi ake. Ndinati sindinafunse zimenezo.

Tili m'njira anandiuza chinthu chimene chinatsala pang'ono kundigwetsa panjinga. Ati asisitere akamalumbira amawaveka mphete, amakhala ngati akwatiwa ndi Yesu.

Ndinati imitsa kaye. Anaimitsa. Ndinamufunsa ngati akunena kuti mwana wathu akukwatiwa, anati choncho ndithu. Ndiye tamvani. Ine pokwatira ndinatuma amalume anga kukafunsira. Ndinaumba njerwa pamudzi pa eni, ndinamanga nyumba imene mawa akhoza kundithamangitsamo ndi bulangete lokha. Munda wa apongozi ndaulima mpaka lero, apongoziwo akundiyang'ana ngati ndinaba mbuzi. Ndiye pabwere wina, atenge mwana wamkazi mmodzi yekha wa pambumba, osatuma munthu, osaonekera, osagwira khasu ngakhale mzere umodzi, komanso akazi ali nawo kale odzaza mpanda? Mkamwini wanji ameneyo? Wakabaza anaseka mpaka anakhosomola, ati zimenezo mukawafunse eni ake.

Pamalopo pali mpanda wa njerwa, kachipatala kakang'ono, tchalitchi chaching'ono ndi dimba la mpiru losamalika mokwiyitsa. Ndinalowa nditakonzekera ndewu. Anandilandira asisitere aakulu, mayi wamfupi wa magalasi, Chilomwe chili palilime ngati amayi anga. Anandipatsa mpando ndi madzi, n'kundisiya ndikalipe. Ndinakalipa za munda, za malire, za miyendo ya achemwali, za mkamwini wobisala. Nditatopa anati amva, nawonso kwawo munda unali wawo ndipo amalume awo anawanyanyala mpaka kumwalira. Anati Felista sanalumbire, akadali poyesedwa, ndipo zimatenga zaka.

"Ife sitisunga mwana mwini mbumba atakana," anatero. "Mukati apite, apita lero lomwe."

Zimenezo zinandikwiyitsa kuposa zonse. Ukabwera kudzathyola chitseko n'kupeza n'chosakhoma, umagwera mkati.

Felista ndinamupeza kuseri kwa kachipatala, atagwada, mwendo wa nkhalamba ina uli m'beseni. Bala lake ndinalimva ndi mphuno ndisanalione. Iye ankalitsuka akuimba chapansipansi ngati akutsuka mbale. Anali atanenepa, zimenenso sizinandisangalatse, chifukwa ndinkayembekeza kupeza mafupa kuti ndikhale ndi ponenera. Anamaliza kaye kumanga balalo, anasamba m'manja, kenako anabwera kudzagwada n'kundipatsa moni. Ndinati longedza. Sanalire, sanatsutse. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kajumbo kamodzi.

Tikuyandikira pageti ndinamufunsa kuti Mulunguyo anamuyitana bwanji, pafoni kapena? Anati mawu sanamvepo aliwonse. Anati bambo ake akudwala paja, tonse tikuthawa fungo n'kumakhala panja, iye ankawasambitsa, ndipo m'pamene anaona kuti pantchito imeneyo sayang'ana dzuwa kuti afike liti poweruka. Anayesa kugulitsa m'shopu, anayesa chibwenzi ndi mnyamata wina wa pachigayo kumudzi, mtima unkangokhala ngati wakhala pampando wa eni. Anapemphera nthawi yaitali kuti ngati n'zachibwana zimuchoke, koma sizinamuchoke. Ati Mulungu anamupatsa manja osanyansidwa, ndiye akufuna awabweze kwa mwini wake akugwirabe ntchito.

Ndinati nanga mayi ako si wodwala? Nanga munda? Pamenepo misozi inalengeza. Anati zimenezo n'zimene zimamusowetsa tulo, ndipo yankho alibe. Kenako anaika kajumbo pansi n'kugwadanso pafumbi.

"Amalume, ndipita nanu. Mundipezere mwamuna amene mukufuna, ndikalima. Koma ankhoswe anga ndinu, kuno kapena kumudzi. Ndikakwatiwa kumudzi n'kumalira, ndizidzalirira pakhomo panu. Ndikakhala kuno n'kumalira, ndidzabweranso pakhomo panu pomwepo. Sankhani kulira kumene mukufuna kumva."

Mwana ameneyu pakamwa anatengera ine, ndipo sizabwino kuzimva zikuchokera kwina.

Ndinaima pamenepo ndikuwerenga m'mutu amuna a m'mudzi mwathu amene ndingamupatse. Wachigayo uja anapereka kale mimba kwina. Wina amamwa kachasu kuyambira m'mawa. Wina anapita ku Joni, mkazi wake amangoona zithunzi ali ndi wina. Milandu ya maukwati ndaiweruza yambiri pansi pa mango, ndaona ana aakazi akubwera maso otupa. Ndinaona kuti uyu wa kunoyu, ngakhale ndi waulesi kumunda, samwa, samenya, ndipo ku Joni sangapite.

Ndinabwerera kwa asisitere aakulu. Ndinati kwathu nkhoswe sipereka mwana kwa munthu amene sinamuone, ndionetseni mwini nkhaniyo ndilankhule naye. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako ananditsegulira tchalitchi.

M'katimo munali mozizira, mukununkha polishi. Mkamwiniyo anali kutsogolo, pamtanda wa thabwa. Ndinavula chipewa, chifukwa ngakhale wakwiya ulemu umakhalapo, koma sindinagwade. Nkhoswe sigwadira mkamwini.

Ndinati, "Akamwini, ine ndine Lusiyano, mwini mbumba. Mwalowera pazenera, koma poti mwanayo wakukondani, ndilankhula kamodzi. Mwana uyu ndi mmodzi yekha. Mukaona kuti simukumufuna, mum'bweze masana ali wamoyo, asakafike wopenga. Akadzalira chifukwa cha inu mudzandiona pano, ndipo sindidzavula chipewa. Apongozi anu miyendo inatupa, muzimulola azikawaona. Za munda ndikudziwa kuti simubwera, manja anuwo ndawaona. Koma mukhale mukudziwa kuti uli tchire."

Sanayankhe. Anangoweramitsa mutu kumbali, duu, mmene amachitira akamwini onse pamaso pa ankhoswe. Pamenepo pokha ndinaona kuti mwambo akuudziwa.

Nditatembenuka ndinapeza asisitere aakulu atatseka pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka. Anati zoti mwanayo azikaona amayi ake alola, kamodzikamodzi. Felista ndinamuuza atole kajumbo kake abwerere ku mabala ake asanandisinthe maganizo. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, akununkha mankhwala. Anandipatsa mpiru wa m'dimba muja kuti ndikapatse amayi ake. Ndinalandira, poti kuchokera kuchikamwini kumeneko china sitidzaonanso.

Pobwerera kondakitala wina anandilipiritsa 5 sauzande yonse ndipo sindinakangane naye, mphamvu zinali zitathera m'tchalitchi. Ndinafika kwa achemwali dzuwa litapendeka. Atandiona ndili ndi mpiru m'malo mwa mwana, anatembenukira kukhoma. Anati ndinakutuma ukatenge mwana wanga, iwe wakamupereka. Ndinati eya. Sanandilankhule mpaka Lamlungu, ndipo sindikuwadzudzula. Mbumba yathu ikutha ndithu, zimenezo pemphero silisintha.

Ngati pali chimene ndinaphunzira, n'chakuti cholinga cha munthu sichikhala m'botolo, komanso sichikhala m'mutu mwa amalume ake. Changa sindinachifunepo, chinangondipeza. Nditabwerako kwa asisitere, m'mawa mwake ndinatenga khasu, ndinadutsa munda wa apongozi anga iwo akuona, n'kupita kukaunga mizere kumunda wa amayi athu, kuyambira kumalire komwe amasuntha kuja. Ndikadali moyo, mwala wa pamalire susunthanso. Ndikadzafa, akamwini aja adzaone okha chochita.

Tsiku limene ndinamaliza mzere womaliza, mitambo inatsika kuphiri ndipo mvula inagwa yodzala nayo. Mkazi wanga akuti ndi yankho. Ine ndikuti kuno ku Mulanje mvula imagwa ngakhale kwa akuba, musandinamize. Koma ndinaima pakati pamunda ndikunyowa, n'kuyang'ana kumwamba. Khasu sagwira mkamwini ameneyu, koma kuthirira amathirira.