Thonje la atsibweni ndi mkono wa amuna anga

Wina akafuna anene kuti ukalamba wandisokoneza mutu, koma izi ndinaziona ndi maso angawa, ndipo mpaka lero ndikazikumbuka mtima umandiwira.

Zinachitika nthawi ya atsamunda, nkhondo yachiwiri itangotha, tikukhala ku Rivirivi. Amuna anga anali mkamwini pamudzi pathu, ndiye mukudziwa mkamwini, ntchito iliyonse yolemetsa inali yawo. Atsibweni anga, alongo awo a mayi, ankalima thonje lambiri, ndipo amene ankasenza matumba aja pamutu mpaka kumsika ku Balaka anali amuna angawo, chaka ndi chaka, opanda ndi zikomo yemwe.

Matenda a amuna anga anayamba ndi khosi kuuma, kenako litsipa loyambira kunkhongo, kenako mkono wamanja kuphwanya ndi zala kuchita dzanzi. Ife tinkati ndi matenda atatu, mwakuti tinawatema mphini pachipumi, zina paphewa, zina padzanja, munthu mpaka kuoneka ngati chikwa, koma osasintha.

Tsiku lina m'mawa akuwotcha chinangwa ndinamva fungo la nyama yopserera. Kuyang'ana, chala chawo chili pakhala lamoto, eni ake akungocheza ndi mwana wathu, osamva kanthu! Ndinakuwa, anthu anathamangira, ndipo atsibweni atangoona chalacho anati basi, nkhani yadziwika, ichi ndi chambu, mankhwala aja amatchera m'munda kuti wakuba afe mkono. Anati thonje lawo lakhala likuchepa, wakuba ndi ameneyu, achoke pamudzi pano. Inu, munthu woti ngakhale dowe wa mwini sanathyolepo? Amayi anga enieni anangoweramitsa mutu, ndipo chimenecho chimandipweteka kuposa zonse.

Ine mwano ndinabadwa nawo. Ndinawauza atsibweni pamaso pa anthu kuti iyayi, mwamuna wanga sachoka ngati galu, ndipo ndinamutenga wapansi mpaka kuchipatala cha mishoni. Dokotala sanalimbane n'chala chopsacho. Anawakhazika pampando, n'kuwapendeketsa mutu chakumanja, n'kukanikiza pang'ono paliwombo. Amuna anga anabuula, anati moto wathamanga kuchoka m'khosi mpaka kuchala. Atawakweza chibwano m'mwamba ululu unaleka. Dokotala anati nthenda ndi imodzi, ili m'khosi, mafupa aphwanyirana n'kupana mtsempha wopita kumkono, litsipa lija likuchokeranso pomwepo. Kenako anafunsa ngati munthuyu amasenza katundu wolemera pamutu.

Ndinayankha kuti eya, matumba a thonje la atsibweni. Ndiye kuti thonje lomwe ankati waba ndi lomwe linamuthyola khosi!

Anawamanga khosi, anawaletsa kusenza, litsipa linatha, koma zala ziwiri sizinadzukenso chifukwa tinachedwa ndi mphini zija. Titabwerera ndinakafotokoza zonse pabwalo. Mukuganiza atsibweni anapepesa? Anangofunsa kuti nanga thonje la chaka chino asenza ndani. Sabata yomweyo ndinamanga katundu, ndinasiya munda wa amayi, tinapita kwawo kwa amuna anga kwa Kawinga, ndipo pamaliro a atsibweniwo sindinapondeko.

Lero ndimakhulupirira kuti pamene pakuwawa si pamene nthawi zonse pali nthenda. Wanu akadandaula khosi, mutu ndi mkono pamodzi, musathamangire lumo kapena kuloza chala munthu, pitani naye akamuone khosi. Ndipo musanamutche mkamwini wakuba, yambani mwafunsa kuti wakhala akusenza katundu wa yani.